Mchere wa M'botolo

Juni. Chiperoni chatsika kuchokera ku Mulunguzi,
chalowa m'kalasi pagalasi losweka lija.
Mayi Nasiyaya apukutira choko pajuzi,
ajambula mizere iwiri, woima ndi wogona.
Apa pokumanirapa, akutero, ndi pamene kuzizira kumathera.
Palibe anafikapo. Ine ndinayandikirako
ndili mtsikana kudziko la eni, ndi heliyamu wamadzi
amene kuno sitingagule ngakhale kapu.

Funso lawo silovuta kumva:
chinthu chimadya kutentha kochuluka bwanji
kuti chikwere digiri imodzi?
Kumusi uko, kufupi ndi ziro,
chitsulo chimadya ngati wodwala malungo,
supuni imodzi basi, chakhuta.

Kenako atulutsa botolo la mchere wotuwa, osati wa ndiwo.
Umu muli timaginito tosaoneka ndi maso,
kalikonse kaloza kwake
ngati anthu padepoti Loweruka m'mawa.
Mukathiramo kutentha, chipangizo choyezera sichinena zonse.
Timaginito taba kwina,
tikulipirira kutembenuka kwathu.
Mzere pabolodi watupa linunda
pamene unayenera kugona.

Tsopano yatsani koyilo.
Mphamvu ikadutsa tonse tayang'ana kumodzi,
tafola.
Kutembenuka kwakwera mtengo,
kakutentha kochepa sikangagule,
linunda lasamukira kumtunda kofunda,
kumusi kwatsala mbee.

Ndinkalemba zonse.
Cholembera chinaima pa mawu oti tafola.

Achimwene anga a Dyton anafola zaka zinayi
kuseri kwa mpanda wa ndende uja
timaupitirira pa minibasi tikuyang'ana mafoni.
Belu, mzere, kuwerengedwa, mzere.
Tikawapititsira sopo ndi shuga wa theka
nkhope inkawala pomwepo,
tisanamasule n'komwe jumbo.
Tinkabwerera tikuti ali bwino.

Chomaliza, akutero Mayi, ndipo ichi chimabwera pamayeso.
Utsekereni mcherewu pawokha,
kutentha kusalowe, kusatuluke,
muchepetse mphamvu ya koyilo pang'onopang'ono.
Timaginito timasuka, tiyamba kubalalika.
Koma kubalalika n'kolipira,
ndipo kokongola kulibe.
Titapa m'thupi la mchere womwewo.
Mchere uzizira
kuposa mmene unalili usanamangidwe.

Anatuluka m'Malichi. Tinagula kireti ya zakumwa,
tinabwereka mipando kutchalitchi.
Lero amakhala pakhonde ku Chinamwali
atavala majuzi awiri dzuwa lili paliwombo.
Akafika pamphambano ya kumsika amaima,
amayang'ana uku, uku,
nabwerera opanda tomato.
Alamu anga amati: ndaphika, ndachapa, ndawaseketsa,
zonse zikungolowa ngati madzi pamchenga wa Likangala.
Ana amawalambalala ngati chithaphwi.

Magetsi anathima Mayi akuti tiyese koyilo.
Kalasi inaseka, ena anayamba kulongedza.
Ine ndinakweza mkono m'kamdimako:
nanga mchere wozizirawo umafundanso liti?

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
Ukaugunditsa ndi chinthu chofunda, n'kudikira.
Chinthucho chitaya kutentha kwake, musaiwale kulemba zimenezo.
Nthawi yake sindingakuuze.
Zimatengera mmene zakhudzirana.

Madzulo ndinakwera kabaza, ndalama ya mafotokope.
Ndinawapeza pomwepo, pabenchi ya thabwa limodzi.
Sindinabweretse kanthu.
Ndinakhala pansi, phewa langa paphewa lawo.
Sanasunthe. Sanafunse za sukulu.
Mvula yamawawa inkadontha pamalata a oyandikana nawo,
phiri lonse litabisala.
Pamene mzikiti unkaitana anthu kachisanu
phewa langa linali litachita dzanzi ndi kuzizira.

Alamu anasuzumira pakhomo, nabwerera.
Ndinasendera pafupi.